Mfuu ya Make Chatsala

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, chifukwa apa sindibwereza kawiri.

Kalekale mbalame zinali ndi mfumu, dzina lake Chiwombankhanga. Zonse zinkakumana pa mkuyu umodzi, koma zinkatera m'magulu atatu. Pansonga penipeni pankatera mfumu ndi nduna zake, akabawi. Pakati pankatera akhwangwala, ansembe aja a kolala yoyera, amene ntchito yawo inali kupempherera mvula ndi kudalitsa mazira. Pansi, pamene pamagwera zitosi za onsewo, m'pamene pankatera wina aliyense: njiwa, mpheta, atimba, apumbwa, nkhwali ndi ena osawerengeka.

Msonkho wake unali wotere. Khwangwala akabwera kudzadalitsa mazira, ankanyamulapo limodzi, akuti la nsembe. Ana akaswa, kabawi ankabwera kudzatenga mmodzi pachisa chilichonse, akuti akaphunzire mwambo kubwalo la mfumu. Makolo ankalira, koma ankanyadanso. Mumve mpheta ikuuza inzake kuti, "Wanga woyamba uja ali kwa mfumu, pano ayenera kuti ndi bwana ndithu." Funso loti nanga bwanji sabwera kudzationa, palibe ankalifunsa mokweza.

Pagulu la pansilo panali mayi wina wamasiye, Nthengu. Kufukula sankakonda, kusaka n'kwa apo ndi apo, koma pakhosi pake panali mawu a mbalame iliyonse. Akaona nkhwali yafukula mphutsi yonona, iye ankangokuwa mfuu ija yochenjeza kuti kabawi wafika. Nkhwali balala m'tchire, mphutsi yasiyidwa, Nthengu watola, ulendo kuchisa.

Chaka chimenecho anaikira mazira atatu. Khwangwala wamkulu anabwera, anadalitsa, n'kutengapo limodzi. Patapita masiku awiri anabweranso, akuti dalitso lija silinagwire bwino, n'kutenganso lina. Lotsalalo linaswa kamwana kakakazi, ndipo mayi wake anakatcha Chatsala. Mtima wake unakhala pansi, pakuti mwambo unkati chisa cha mwana mmodzi kabawi sachikhudza.

Koma mvula inachedwa. Ngumbi sizinatuluke, udzu sunabale njere, ndipo zisa zambiri zinaswa mwana mmodzimmodzi. Mfumu inaitanitsa msonkhano.

"Kubwalo kwanga ana achepa," inatero mfumu. "Chaka chino ngakhale chisa cha mwana mmodzi chipereke. Ponyani miyala."

Kuponya miyala kwake kunali kotere: gulu lililonse mwala umodzi. Akabawi anaika wawo kumapazi a mfumu. Akhwangwala anaika wawo pomwepo. Mwala wa gulu la pansi unakhala pawokha uko, ngati mwana wopeza.

Nthengu anaomba mapiko mwaulemu. "Wawa mfumu, ndifunseko. Akabawi alipo makumi awiri, mwala umodzi. Ife tikauluka tonse dzuwa limabisika, mwala umodzinso? Bwanji tiwerenge milomo?"

Kumtunda konse kunabuka chiseko.

"Mayi," anatero Khwangwala wamkulu, "mwambowu unamera limodzi ndi mkuyu uno. Inu munaswedwa liti?"

Njiwa, mnansi wa Nthengu, mayi wofatsa amene anali atapereka kale ana anayi, anayankhula chogwada. "Wawa, tikuvutika. Ngumbi kulibe."

Mfumu inamuyang'ana modabwa zenizeni, osati mwachipongwe ayi. "Ngati ngumbi kulibe, bwanji osadya nyama?"

Msonkhano unathera pomwepo, ndipo m'mawa mwake kabawi anatera pachisa cha Nthengu n'kunyamula Chatsala, nthenga zisanamere n'komwe.

Nthengu sanakhale pansi kulira. Anamutsatira chapatali mpaka pa mlambe wina wa mphako yaikulu, kuseri kwa bwalo la mfumu. Kabawi analowa ndi mwana, n'kutuluka yekha. Pakhomo panali akabawi awiri olondera. Nthengu anatera pa kanthambi, tsiku lonse maso ali pamphako. Sanamve nyimbo, sanamve mphunzitsi akukalipa, sanamve ana akukangana. Chimene anaona ndi ntchentche. Tsono nthengu amadya ntchentche, amazidziwa monga mayi adziwira ndiwo zake: izi n'za pa zipatso, izi n'za pa ndowe. Zimene zinkalowa ndi kutuluka m'mphakomo zinali zija zobiriwira.

Anathamangira kwa Njiwa.

"Achemwali, kumene kuli ana kuja kukulowa ntchentche zobiriwira."

"Mwina mwafera mbewa."

"Mbewa imodzi siitana ntchentche zochuluka choncho."

"Make Chatsala, inu bodza ndiye munda wanu. Ana anga anayi ali kwa mfumu, akuphunzira. Musandilodzere ana ndi pakamwa panupo."

Anapita kwa mpheta, chimodzimodzi. Kwa apumbwa, anamuseka. Ataona kuti choona achikana, anati basi, ndiwapatsa bodza. Anakabisala m'masamba a pakati pa mkuyu, pamalo pa ansembe, n'kulengeza ndi mawu a Khwangwala wamkulu, kusasa kwake komwe kuja.

"Tamverani, tamverani! Mawa makolo onse apite kumlambe. Mfumu yalola kuti mukaone ana anu akuvina."

Limeneli ndiye analilandira ndi mapiko awiri. Inu, mukanaona m'mawa mwake! Mbalame zinasamba, zinapesa nthenga. Njala ili choncho, aliyense ananyamula kamba, uyu kachiwala, uyu kambewu kamene anabisa. Njiwa ananyamula tinjere tinayi ta mapira, kamodzi ka mwana aliyense, ndipo m'njira monse ankangodandaula kuti kaya amuzindikira.

"Mukupita kuti chigulu chonsechi?" anakalipa olondera aja. "Bwererani!"

"Atiitana ndi abambo Khwangwala."

"Ife sitinamve zimenezo."

Akukangana choncho, Nthengu anazembera kuseri kwa mlambe n'kukuwa ndi mawu a mfumu, aja inkaitanira nduna zake ikapsa mtima. Olonderawo sanafunsane. Anangoti phuruu, ulendo kubwalo.

Woyamba kulowa anali Njiwa. Analowa akuitana ana ake mainamaina. Kenaka anasiya kuitana. Atatuluka, m'mlomo mwake munalibenso mapira. Munali kafupa ka phiko.

Mayo ine, zimene anapeza m'mphakomo! Mafupa okhaokha, mulu wofika m'khosi, akale ali pansi, atsopano ali pamwamba. Timitu, timiyendo, nthenga zanthete zimene zinali zisanauluke n'kamodzi komwe. Pakona panaunjikana ana asanu amoyo, akunjenjemera, kudikira tsiku lawo. Mmodzi anali Chatsala. Nthengu anamufungatira.

"Si kuno!" inkakuwa mpheta ina, ikuzungulirazungulira pamafupapo. "Tasokera, anzanga! Kophunzirira si kuno!"

Ena anali kusanza, ena anangoti kakasi, kamba ali m'milomo.

Pagulupo panali mbalame ina, Mwiyo, yaukhondo, yosaba, yosaseka. Ntchito yake inali kuyanika ziwala pa minga ya mtengo wa mthethe, mwadongosolo, chilichonse pa munga wake. Iyeyu ndiye anayankhula, motsitsa mawu.

"Akabawi abwera pompano. Alipo makumi awiri. Make Chatsala ananena kuti tiwerenge milomo. Tawerengani."

Mbalame zinayang'anana. Akabawi atafika, sanapeze makolo ogwada aja. Kabawi mmodzi ankaunjiriridwa ndi milomo zana, uyu pamutu, uyu m'maso, uyu kumchira. Pamenepo m'pamene inabadwa nyimbo ija. Nthengu ankatsogolera, kufunsa amene anabzala mkuyu, ndipo khamu lonse linkavomera kuti palibe anaubzala, choncho nthambi ndi ya amene waterapo. Mawu a nyimboyo anali omwewo basi, koma inkayambira pansipansi ngati kubuula, n'kumakwera, mapiko akuomba pamodzi, mpaka wina osamvanso mawu ake omwe. Dzuwa lisanapendeke, akabawi otsala anali atathawira kutali, ndipo mfumu inali pansi, nthenga za m'mapiko atazithothola.

Tsono zinthu zinatembenuka ngati chitumbuwa m'chiwaya. Miyala itatu ija anaitaya. Nkhani iliyonse ankawerenga milomo. Agogomole anagogoda nthambi zapamwamba za mkuyu mpaka zinagwa, kuti pasakhale wotera pamwamba pa mnzake. Akhwangwala anauzidwa kuti makolala awo azipaka matope, ndipo mazira anayamba kuswa bwinobwino opanda dalitso, zimene zinadabwitsa ambiri. Mawu oti wawa ndi oti bwana analetsedwa. Aliyense anakhala mbale: mbale Timba, mbale Njiwa. Ngakhale mfumu ankaitchula mbale Chiwombankhanga. Anaisiya pa nthambi yapansi, akuti ikhale mfumu ya dzina lokha, izidya ziwala ngati anzake.

Masiku amenewo anali okoma, sindinama. Chatsala anayamba kumera nthenga.

Koma m'mawa wina nthambi ya mfumu inapezeka yopanda kanthu. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Ikakafika kwa akabawi, ibwera nawo, ndipo mphako ija idzazanso. Nthengu anayang'ana mwana wake, n'kunyamuka. Mapiko othothoka sauluka, ndiye mfumuyo inali pa ulendo wa pansi, ndipo njira ya pansi yopita kwa akabawi inali imodzi.

Panjirapo anapeza atimba olondera ataimitsa anang'omba asanu ndi awiri, mbalame zija zikuluzikulu zakuda zoyenda pansi. Onse anali atadzipaka makala, mitu atafunda masamba.

"Mbale Nthengu," anatero Timba, "awa akupita ku maliro. Sitingawavundukule. Ukavundukula wamaliro, malirowo amakutsata kwanu."

"N'zoona," anatero Nthengu. Anagwada pambali pa njira. "Pepani ndi zovutazi. Watisiya ndani?"

"Azakhali athu," anayankha wakutsogolo.

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Eya, yaitali ndithu."

"Nanga achimwene akumbuyowa, sayankhula?"

"Chisoni chawagwira pakhosi."

"Aaa, zimatero. Pitani, mukalire bwino."

Anawasiya ayende pang'ono. Kenaka anakoka mpweya n'kukuwa mfuu ya kabawi, yakuthwa ngati mpeni. Atimba psiti m'tchire. Anang'omba, ukulu wonse uja, mitu m'maudzu, michira m'mwamba. Koma mmodzi anatsala chiimire pakati pa njira. Masamba anali atagwa, mlomo wokhota uja uli poyera, akucheukacheuka.

"Kodi chachitika n'chiyani?" anafunsa.

Chibadwire chake Chiwombankhanga anali asanabisalepo. Mfuuyo inkakuwidwa chifukwa cha iyeyo, ndiye akanaidziwira kuti?

Anabwera naye akumuimbira nyimbo ya mkuyu ija njira yonse. Pa mkuyu anawerenga milomo, ofuna kuti afe ndi ofuna kuti akhale. Ofuna imfa anaposa, koma pang'ono. Mlomo wa Nthengu unali pakati pawo. Vuto linali loti palibe ankadziwa kaphedwe ka mfumu.

"Mthethe wanga ulipo," anatero Mwiyo. "Munga susankha. Wamkulu, wamng'ono, umalowa chimodzimodzi."

Akumukweza pamtengopo, mfumu inayang'ana khamu lonse, ndipo nkhope yake inali yodabwa ngati tsiku lija la ngumbi.

"Kodi ndinalakwa chiyani? Bambo anga ankadya chimodzimodzi. Agogo anganso."

Anamukankhira paminga. Anaphiriphitha kawiri, basi. Ena ankayang'ana kumwamba kudikira kuti mwina thambo ligwa. Silinagwe. Kamwana kena kanafunsa mayi wake ngati magazi a mfumu amakhalanso ofiira. Kenaka wina anayambitsa nyimbo, ndipo onse anavomera mokuwa kuposa kale, ngati akufuna kugonthetsa makutu awo omwe.

Bwenzi nkhani itathera pamenepo. Koma m'mawa mwake Mwiyo anakwera pa chitsa patsinde pa mkuyu.

"Abale, mfumu yapita, koma mtima wa ufumu udakali pakati pathu. Anang'omba anaiperekeza. Makala anapereka ndi Khwangwala wamkulu. Amenewo tikuwadziwa, ndipo minga yawo yakonzeka. Nanga amene sitikuwadziwa? Mbale Nthengu watipatsa muyeso. M'mawa uliwonse azikuwa mfuu. Mbalame yeniyeni imabisala. Amene sabisala, ndiye kuti saopa kabawi, ndipo amene saopa kabawi ndi mnzake wa kabawi."

Anawerenga milomo, lamulo linadutsa. Amene akanakana ndani, minga ili apo? Ana okha osakhwima mapiko ndiwo anakhululukidwa. Nthengu anapatsidwa malo pachitsa pambali pa Mwiyo, ndipo chiwala chonona chilichonse chinkayamba kufika kwa iye. Chatsala ananenepa.

M'mawa uliwonse zinkayenda chimodzimodzi. Nthengu wakuwa, mbalame zonse mitu m'masamba, maso tsinzinu. Mwiyo wayang'ana, kenaka watchula dzina. Tsiku loyamba anatchula Kadzidzi, amene nthawi imeneyo amakhala akuodzera. Anamuimbira nyimbo ya mkuyu, paminga. Tsiku lachiwiri anatchula gogo wina wa ankhwali amene makutu anagontha kalekale. Anafa akufunsa kuti kodi akupita naye kuti. Tsiku lina atatu, tsiku lina asanu. Mthethe unadzaza mpaka Mwiyo anasowa poyanika ziwala zake. Mbalame zinayamba kubisala ngakhale mnzawo akangotsokomola.

Ndiye linafika tsiku la mwamuna wa Njiwa. Pajatu kwa anjiwa mwamuna amafungatira mazira masana. M'mawa umenewo anali atangolandira kumene chisa kwa mkazi wake. Mfuu itamveka, iye anangotambasula mapiko pamazirapo, osasuntha.

"Mbale Mwiyo, ndikanadumpha mazira akanagwa," anatero. "Taonani chisa chathu, ndi timitengo tiwiri tokha."

"Mfumu nayonso inali ndi zifukwa zake," anayankha Mwiyo.

Akupita naye, Njiwa sanalire. Anangoyang'ana Nthengu pachitsa paja. Nthengu anayang'ana kumbali, n'kumapesa nthenga za kuphiko. M'mawa mwake anakuwanso.

Mwezi usanathe, mapiko a Chatsala anakhwima. Anamuika pamzere ndi anzake, kutsogolo penipeni, nthenga zakuda zili waliwali. Nthengu anamuyang'ana monyada, anakoka mpweya, anakuwa.

Mbalame zonse psiti. Chatsala anathamangira kuchitsa, mapiko akunjenjemera, kukamwa yasa.

Mwana ameneyu chibadwire, akamva mayi wake akukuwa mfuu kutchire, pasanapite nthawi mphutsi inkafika pachisa. Kwa ena onse mfuuyo inkatanthauza imfa. Kwa Chatsala inkatanthauza kuti chakudya chikubwera. Ndipo mayi wake, wochenjera uja, anali asanaganizepo n'kamodzi komwe.

"Chatsala, mwana wa mbale Nthengu," anatchula Mwiyo.

Mitu inatuluka m'masamba. Khamu lonse linati haa!

"Mbale Mwiyo, ndi mwana uyu, lero n'loyamba," anatero Nthengu.

"Anzake a lero loyamba abisala."

"Uyu ndinamutulutsa ndine m'mphako muja. Angakhale bwanji mnzake wa kabawi?"

"Lamulo lilibe mwana, mbale. Munaliponyera mlomo inu nomwe."

Nthengu anatembenukira kukhamu. Panalibenso chobisa. "Abale, cholakwa n'changa. Ine ndinkakunamizani kabawi kuti ndikubereni chakudya. Mwanayu anakulira mfuu yabodza. Akaimva amadziwa kuti mayi akubwera ndi mphutsi."

"Ohoo!" inakuwa nkhwali ina. "Ndiye mphutsi zanga zija zinkathera m'mimba mwa kameneka?"

"Kaphedwe!" anatero wina kumbuyo. "Athu anafa, iyeyu ndi ndani?"

Kuulula kuja kunangothira mafuta pamoto. Mwiyo anagwira Chatsala paphiko. Mwanayo ankangoyang'ana uku ndi uku, osamvetsa. Ena anali atayamba kale kung'ung'udza nyimbo.

"Chabwino," anatero Nthengu, mawu ali phee. "Lamulo ndi lamulo. Koma ndipempheko chimodzi. Anganene ena kuti mbale Mwiyo wamunamizira mwana wanga chifukwa cha nsanje, poti palibe wina anaona. Ine sindifuna dzina la mbale Mwiyo lide. Ndikuwenso kamodzi. Inu bisalani monga mwa masiku onse, koma lero lokha musatsinzine. Suzumirani, muone ndi maso anu amene watsala chiimire, ndipo ameneyo apite paminga popanda wodandaula."

Mwiyo anagwedeza mutu mokondwa. "Mwayankhula ngati mbale weniweni. Zichitike poyera."

Anamusiya mwana, n'kukhazikika bwino pachitsa pake, chifuwa patsogolo. Nthengu anakuwa.

Mbalame zonse pansi, koma ulendo uno m'masamba monse munali maso. Zinaona Chatsala atayasamulanso kukamwa. Ndipo zinaonanso chimene chiyambire zinali zisanaonepo, poti zinkakhala zitatsinzina: Mwiyo ali njoo pachitsa, khosi m'mwamba, akuunguza uku ndi uku, nthenga n'imodzi yomwe osagwedezeka.

Pumbwa ndiye anayamba, pajatu pakamwa pake sipatsekeka. "Abale inu! Mbale Mwiyo sanabisale!"

"Sanabisale!"

"Ngakhale kuphethira!"

"Ine ndimayang'anira," anatero Mwiyo. "Ndikabisala, aone ndani?"

"Chiyambire munabisalapo kangati?"

"Ndati ndimayang'anira!"

"Mfumu nayonso inali ndi zifukwa zake," anatero wina m'masamba.

Kalanga ine, mbalame zikatembenuka! Omwe aja ankamugwadira dzulo anamukwera pamsana. Anafuna kuyankhula, koma wina anamujompha pamlomo mpaka unathyoka, mawu osatulukanso. Anamukokera ku mthethe wake womwe, n'kumupezera munga pakati pa Kadzidzi ndi mwamuna wa Njiwa. Nyimbo anaimba, koma inatuluka yopyapyala. Wotsogolera sanatsogolere, ndipo ovomera ankavomera aliyense nthawi yake.

Nthengu anali atafungatira kale mwana wake, akuti azemberepo. Koma atabwerako ku mthethe, Njiwa anaima patsogolo pake.

"Ine ndinasuzumira bwinobwino," anatero mofatsa. "Otsala chiimire ndinaona atatu. Mmodzi wapita. Mwana uyu ndi wachiwiri. Wachitatu ndi amene amakuwa."

Maso onse anagwera pa Nthengu. Zinali zoona. Wokuwa sangakuwe mutu uli m'masamba. Khamu linayamba kusendera.

Nthengu anatsika pachitsa, n'kukaima pamzere, mwana wake ali pambali.

"Achemwali anena zoona. Ine sindinayesedwepo. Ndipo mwanayu mwamuyesa ndi mawu a mayi ake, amene sawaopa. Tiyeseni tonse awiri ndi mawu a wina. Tikapanda kubisala, minga ilipo. Chitsa ndi icho. Wina akwere akuwe."

Pumbwa anasuntha phazi.

"Koma wokwerayo adziwe," anapitiriza Nthengu, "kuti wokuwa sabisala. Ndipo lero tonse taphunzira kusuzumira."

Pumbwa anabweza phazi lake.

"Mbale Timba, inu mawu anu ndi akuthwa. Kwerani."

"Ine chimfine chandigwira."

"Mbale Nkhwali? Mphutsi zanu zija, simufuna kulipsira?"

Nkhwali inayang'ana chitsa, inayang'ana mthethe, n'kuyamba kupalasa pansi ngati yataya kanthu.

Anadikira. Dzuwa linakwera mpaka pamutu, chitsa chili chokhachokha. Palibe anatsokomola n'komwe. Kenaka mpheta ina inati ikukaona mazira, n'kuuluka. Ina inatsatira. Mmodzimmodzi anabalalika, aliyense osayang'ana mnzake kumaso. Muyeso unafera pomwepo, popanda kuwerenga milomo. Patapita masiku agogomole anagwetsa mthethe uja, ndipo mbalame sizinalongenso mfumu. Mpaka lero zimatera pamene zafuna.

Koma tsiku limenelo patsinde pa mkuyu panatsala atatu.

"Wanu wapulumuka," anatero Njiwa.

"Eya."

"Make Chatsala, ndikufunseni. Munadziwa liti kuti mfuu yanuyi ikupha osalakwa?"

Nthengu anafuna bodza, pakhosi pake pamene pankakhala mawu a mbalame iliyonse, koma sanalipeze.

"Tsiku la gogo wogontha uja."

"Amuna anga asanafe."

"Asanafe."

"Ndiye m'mawa mwake munakuwanso."

"Ndinakuwa."

"Mazira anga aja anazizira onse awiri," anatero Njiwa. "Ndimati mudziwe." Anatambasula mapiko n'kuuluka, osatsanzika.

Nthengu anatsala ali chiimire, akuyang'ana kumene wapita mnzakeyo. Kenaka anamva kamlomo kakumukoka nthenga za pachifuwa.

"Amayi," anatero Chatsala, "mwakuwa kawiri konse. Nanga chakudya chili kuti?"

Nthano yanga yafika pamapeto. Amene munaika mbatata pamoto, kaphuleni isanasanduke khala.